Nkhope Pakhoma la Tchalitchi

Uthenga wa Evance unalowa Linily akumanga zingwe za nsapato, m'mawa wa Lachinayi, chisanu cha mu Juni chikulasa mpaka m'mafupa monga chimachitira pa Mzimba Boma. Akanadziwa akanausiya mpaka ataweruka kusukulu kumene ankaphunzitsa. Koma foni ikalira, chala sichiyamba chafunsa mtima.

"Monire NyaShaba. Sindimadziwa kuti masiku ano mwasanduka chikwangwani chotsatsira malonda. Taonani zimene wamagetsi wanu uja anachita dzulo."

Pansi pa mawuwo panali chithunzi. Chinajambulidwa chakumadzulo, wojambula ali patali, koma chinali chokwanira kuumitsa munthu pakamwa. Khoma lonse lakumaso la tchalitchi chawo linali nkhope ya mkazi. Chipumi chinafika kudenga, chibwano chili pamwamba pa chitseko, ndipo mkaziyo ankamwetulira, kampata ka pakati pa mano kali poyera. Linily anadzigwira pakamwa. Kampata kameneko ankakaona tsiku ndi tsiku pagalasi. M'munsi mwa khomalo munali mitu ya anthu, anyamata a kabaza ndi amayi ochokera kumsika, onse maso ali m'mwamba.

Foni inaliranso.

"Ndikatsitsa matabwawa ndipita kwanu ku Engutwini. Adada anu akaone okha. Ine zikundikhudza chomene, sindifuna mbiri yanu iwonongeke."

Zikumukhudza! Evance, mwini lole yonyamula matabwa ku Chikangawa, anali atafunsira Linily mpaka pakamwa kuchita thovu, ndipo atakanidwa anasintha njira n'kuyamba kufunsira abambo ake. Lero thumba la feteleza, mawa matabwa okonzera khola la ng'ombe. Munthu wotero akakuuza kuti akudera nkhawa mbiri yako, dziwa kuti wanola kale mpeni.

"Nchichi, mwana iwe? Wangoti kakasi ngati waona njoka," anatero ankhazi ake, a Ellen, mlongo wa abambo ake, amene ankakhala nawo pa Bomapo.

Linily anawapatsa foni. A Ellen anaiyandikiza kumaso, anaitalikitsa, kenako anakhala pansi pang'onopang'ono.

"Mbwenu, basi zatha," anatero.

*

Kizito anali wa ku Dedza. Anafika pa Mzimba ndi ntchito yake ya masikirini akuluakulu, mapulojekita ndi magetsi amitundumitundu a pa maukwati ndi misonkhano. Anakumana ndi Linily pa ukwati wina, iye ali pamakwerero, mawaya ali pakhosi, akupempha aliyense wodutsa kuti amugwirire makwererowo. Amene anagwira ndi Linily, ndipo mpaka pano anali asanasiye.

A Zondwayo Shaba, abambo a Linily, atamva za mnyamatayo anagwedeza mutu. Ntchito yake anaitcha yoseweretsa nyali. Koma chimene chinawanyansa kwenikweni chinali chakuti ndi wobwera. "Mlendo ndi mame," ankatero. "Wobwera ndi ntchito amapita ndi ntchito." Sankanena zam'mutu. Kalekale mphunzitsi wina wochokera chigawo chapakati analonjeza ukwati kwa a Ellen, mudzi wonse unadziwa, mowa unafulidwa, ndiye munthuyo atasamutsidwa anapita osatsanzika. A Ellen sanakwatiwenso. Dzina la mphunzitsiyo silinkatchulidwa pakhomopo, ankangoti munthu uja.

Linily anagwada, analira, anatuma ankhazi, mpaka mkuluyo anafewa pang'ono. Analola kuti amalume a Kizito abwere Loweruka la sabata yamawa, limodzi ndi thenga, munthu wolankhulira mbali ya kuchimuna. Koma anaika lamulo limodzi. "Mwana wanga asamveke pamsika asanamveke pakhomo panga. Kwathu kuno mwamuna amene sanatume thenga sayenda ndi mwana wa eni ngati mbendera. Ndikangomva kaphokoso, thenga lake libwerere panjira."

Kuyambira tsikulo awiriwo ankayenda ngati osadziwana. Akakumana pamsika, moni wa m'maso basi. Dzana lomweli Kizito anali atamutumizira uthenga wochokera kwa amalume ake, dzina lili pamwamba, Malume Wallace, wonena kuti jekete lachapidwa kale, iwo akungodikira tsiku. Linily anausunga uthengawo ngati dzira. Ndiye lero, nkhope yake pakhoma la tchalitchi, yaikulu kuposa nyumba ya abambo ake!

Anayimbira Kizito foni. Inalira mpaka kuduka. Analemba.

"A Kizito, mwandichita chiyani?"

Kizito akamva Linily akumutchula kuti a Kizito, ankadziwa kuti kunja kwaipa. Yankho linabwera Linily ali kale panjira ya kusukulu.

"Ndinali pamwamba, ndikumanga magetsi. Chachitika n'chiyani?"

Linily anamutumizira chithunzi chija.

"Aa, chimenecho? Si iwe ameneyo."

Linily anaima pakati pa msewu mpaka wakabaza anamuimbira belu. Si iye? Ndiye ndani? Mtima umene unadzaza mantha unapezanso malo a nsanje. Ndiye kuti pali wina, wofanana naye, woyenera kuikidwa pakhoma lonse la tchalitchi?

"Ndiye ndi ndani? Wa ku Dedza?"

"Bwera ukaweruka ndidzakuonetse. Sindingafotokoze pafoni, ukhoza kundiseka."

"Palibe choseketsa. Evance akukatenga adada."

Kenako kunabwera mawu awiri okha: "Mayo ine."

*

Tsiku limenelo ana a sitandade faifi anaphunzira zimene anaphunzira. Ataweruka, Linily anathamangira kutchalitchi osadzera n'kunyumba komwe.

Mpingo unali kukonzekera chikondwerero chokumbukira zaka zake, ndipo Lamlungu madzulo Kizito anayenera kuonetsa mbiri ya mpingowo pakhoma lakumaso, zithunzi zakale zikuyenda pa njerwa zenizenizo. Pabwalo panali mawaya ali yalayala, mabokosi akuda, ndi pulojekita yaikulu itakhazikidwa pansanja yachitsulo, yofunditsidwa pulasitiki poopa fumbi. Kizito atamuona anatsika pamakwerero mofulumira mpaka anaphonya popondera pomaliza.

"Linily, tamvera kaye."

"Imani pomwepo. Anthu akuona."

Anaima motalikirana, ngati wogula ndi wogulitsa amene sanamvane mtengo.

"Ndi chithunzi chakale," anatero Kizito. "Cha kwaya ya pompano. Amalume anaphunzitsapo kuno ali mnyamata, ndiye atamva kuti ndikufuna zithunzi zakale ananditumizira zimene anasunga. Tsono chithunzi chakale ukachikulitsa chimaphwanyika, chimangokhala mabalamabala. Umayenera kuyesa kuti chingakule mpaka pati. Ndipo ife timayesera pankhope. Mtengo kapena nyumba zikaoneka mwachimbuuzi palibe amadandaula, koma nkhope diso la munthu silinamizika. Ndiye ndinasankha nkhope imodzi pagulupo n'kuikulitsa."

"Pa anthu onse a m'kwayamo munasankha imeneyo."

Kizito anakanda m'mutu. "Inkafanana ndi iwe. Sabata yonse ino sindinakuone bwinobwino, Linily. Moni wa m'maso sakhutitsa. Ndinati ndiyang'aneko kanthawi kochepa, ndiye ndinaiwala kuti khoma si foni, aliyense wodutsa akuona. Pamene ndimatembenuka, kumbuyo kwanga kunali msika wonse."

Linily anafuna kukwiyabe, koma mkwiyo unayamba kumupulumuka. Chitsiru cha munthu, chomusowa mpaka kukayang'ana nkhope ya mlendo pakhoma! Nsanje ija inasungunuka, mantha okha ndi amene anatsala.

"Adada sakakhulupirira zimenezo. Ngakhale ine pafoni paja ndikudziona ndekha."

"Laputopu ili apo, bwera uone."

Sanafike pa laputopupo. Kumsewu kunamveka kulira kwa lole, ndipo Linily anaidziwa isanakhote n'komwe.

*

A Zondwayo anatsika atavala jekete lawo la kutchalitchi, chibonga chili m'manja. Chibongacho ankayenda nacho kulikonse monga Mngoni, koma tsiku limenelo Linily anachiona ngati chakula. Evance anatsika mbali inayo, nkhope ili yachisoni ngati wobwera pamaliro, koma mapazi akuvina. A Ellen nawo anatulukira chakumsika, akupuma mwawefuwefu, atamva kulira kwa lole yomweyo.

Linily anagwada pafumbi. "Monire adada."

Abambo ake anangomudutsa. Maso awo anali pa Kizito, amene anavula chipewa n'kunjuta pansi, manja ali pamodzi.

"Monire adada," anatero Kizito, Chitumbuka chake chikutsimphina.

"Adada ako ndani? Ndiwe wa nyali uja?"

"Ndine, bambo."

"Ndinapempha chinthu chimodzi. Chimodzi! Ng'ombe sindinatchule, mbuzi sindinatchule. Ndinati mwana wanga asamveke pamsika. Iwe wamutenga wamupachika pakhoma la nyumba ya Chiuta, kuti aliyense woledzera amuloze chala. Kwanu ku Dedza mumatero?"

"Bambo, ndalakwa kuonetsa nkhope ija anthu akuona, zimenezo sindikana. Koma si Linily. Ndi chithunzi chakale cha kwaya."

Evance anaseka. "Chakale? Ndiye NyaShaba anabadwa kawiri? Adada, mwaona nokha pafoni paja. Anthu a m'tauniwa pakamwa m'pawo."

"Ndikuonetseni pa laputopu, bambo," anatero Kizito.

"Yayi. Tinthu tako ta m'manja ndakana. Pamene unaonetsa anthu ndi pamene undionetse ine. Pakhoma."

"Pakhoma sichingaoneke dzuwa lisanalowe, bambo."

"Ndiye tidikira. Ine ndadikira mvula zaka zonsezi, dzuwa lingandivute?" Analoza Kizito ndi chibonga. "Koma umve. Akakhala mwana wanga, amalume ako asavutike kukwera basi. Ndipo iwe NyaShaba, ulongedza katundu, uzikaphunzitsa uli kwathu."

Anakhala pabenchi pansi pa mtengo, chibonga chili pakati pa miyendo. A Ellen anayala chitenje chapatali n'kukokera Linily pambali pawo.

Kudikira kwa tsiku limenelo Linily sadzakuiwala. Dzuwa la mu Juni limene masiku onse limathawa ana asanamalize kusewera, tsiku limenelo linakakamira pamwamba pa mitengo ngati lalipidwa. Evance anapita kukagula zakumwa, a Zondwayo anakana. Anayamba nkhani ya mtengo wa matabwa, mkuluyo anangoti "mm." Kizito ankayendayenda, kugwira waya uyu, kusiya, kugwira uja. Linily anamuona akupukuta galasi la pulojekita limene anali atapukuta kale.

Foni ya Linily inanjenjemera m'chitenje.

"Usaope. Ndikulumbira si iwe."

"Nanga akapanda kuona kusiyana? Maso awo ndi okalamba."

"Ndiye ndikagwada ku Engutwini mpaka mawondo atuluke magazi."

"Usandiseketse, adada akuona."

A Ellen anamutsina pantchafu. "Bisa foniyo, ndapota. Ukufuna uwonjezere nkhuni pamoto?"

Mbiri siyenda pansi. Pamene kunkayamba chisisira, pabwalo panali patadzaza. A kabaza anaimika njinga zawo, amayi anatula madengu. Dzulo anaonera chithunzi, lero anabwera kudzaonera mlandu.

*

Kutangoti bii, Kizito analiza jenereta. Anayang'ana Linily kamodzi, n'kudina.

Khoma linayera kuti mbee, kenako nkhope ija inatulukira, kuyambira pamwamba pa chitseko mpaka kudenga. Anthu anati "aaa!" Wina kumbuyo anati, "Ndi aphunzitsi omwe aja, nanga n'kukana?" Linily anakweza maso. Maso anali ake, mphuno yake, kampata ka m'mano kake. Anatseka maso kudikira mawu a abambo ake.

Mawuwo sanabwere. Chimene anamva ndi chibonga chikugwa pansi.

Atatsegula maso anaona a Zondwayo ataimirira, akuyenda pang'onopang'ono kulowera kukhoma, ngati munthu woitanidwa. Apa ndi pamene Linily anayang'anitsitsa. Pafoni paja zinthu zina sizinkaoneka. Mkazi wa pakhomayo anavala duku yobiriwira ya timaluwa toyera, imene iye sanakhalepo nayo. Ndipo pamwamba pa diso lamanzere panali kachipsera kopingasa, kodula nsidze pakati.

Dzanja la a Ellen linamugwira mwamphamvu.

"Chiuta wane," ananong'ona. "Ndi amama ako."

Linily anaganiza kuti sanamve bwino. Amayi ake anamwalira iye akuphunzira kumene kuyenda. Zithunzi zawo zochepa zinapsa limodzi ndi nyumba yaudzu chaka chotsatira, ndipo iye anakula akungomva kuti unafanana ndi amako, osadziwa kuti kufananako n'kotani. Akafunsa abambo ake ankangoti, "Anali munthu," n'kutuluka kupita kukhola.

"Providence," anatero a Zondwayo.

Linily anali asanamvepo abambo ake akutchula dzina limenelo. Akakakamizika ankati NyaThole, kapena amake mwana.

"Duku iyo ndinagula ine," anapitiriza mkuluyo, osatembenuka, ngati akuuza khomalo. "Ndinagulitsa nkhuku ziwiri. Anati mtundu wake ndi wa agogo, koma anavala. Chipsera icho ndi ng'ombe ya kwawo, inamugunda ali mtsikana." Anakweza dzanja kuti agwire tsaya la mkazi wawo, koma atayandikira, mthunzi wawo unagwera pakhoma n'kuphimba chibwano. Anabwerera m'mbuyo msangamsanga ngati aponda moto.

"Imani chakumbali kuno, bambo," anatero Kizito motsitsa mawu. "Mukaima apa simutchinga kuwala."

A Zondwayo anamvera. Munthu amene sankauzidwa zochita ndi wina aliyense ku Engutwini anasuntha n'kuima pamene wa nyali anawalozera.

Linily analira. Analira osabisa, pamaso pa a kabaza ndi makolo a ana ake a sukulu. Munali chisoni m'misozi imeneyo, koma chochuluka chinali chimwemwe ndi kupepukidwa, ngati munthu amene watula mtolo wa nkhuni umene anausenza kuchokera kuphiri. Amayi ake anali okongola. Amayi ake ankaseka ngati iye. Ndipo pakhomapo sanali iye.

Amayi ena achikulire pagulupo anayamba kuzindikira. "Ndi NyaThole nadi! Ankaimba mawu apamwamba!" Wina anayambitsa nyimbo yakale ya kwaya chapansipansi, ena n'kulandira. Amene anabwera kudzaonera mlandu anapezeka akupukuta m'maso.

*

Patapita nthawi a Zondwayo anatola chibonga chawo, anapukuta kumaso ndi mkono wa jekete, n'kunena kuti utsi wa jenereta ndi woipa. Palibe anatsutsa, ngakhale kuti mphepo inkapititsa utsiwo mbali ina.

"Mnyamata, bwera kuno."

Kizito anabwera n'kunjuta.

"Unkadziwa kuti ndi ndani?"

"Ayi bambo. Ndikanadziwa ndikanayamba ndapempha kwa inu. Ndinangoona kuti akufanana ndi... ndi mwana wanu."

"Ndiye unkayang'ana mkazi wanga poganiza za mwana wanga."

Kizito anasowa poyika maso. "Zili ngati choncho, bambo."

"Ndiwe chitsiru."

"Inde bambo."

"Koma ndiwe chitsiru chonena zoona." Anatembenukira kukhoma kachiwiri. "Ndinali nditayamba kuiwala nkhope iyi. Ndikatseka maso ndinkangoona duku. Munthu sungauze anthu zimenezo, kuti mkazi wako wakuthawa m'maso." Anakhosomola. "Chingatuluke papepala chimenechi?"

"Chingatuluke, bambo. Chachikulu bwino, cha m'felemu. Mawa lomwe."

"Ziwiri. China cha mwanayu."

Evance, amene nthawi yonseyi anali atatsamira lole yake, anaona kuti mphepo yatembenuka. Anayandikira akuseweretsa makiyi.

"Komabe adada, nkhani ndi yakuti anthu dzulo ankati ndi NyaShaba. Mbiri yaipa kale. Munthu wosamala sakanachita..."

"A Evance," anatero a Zondwayo, "yewo chomene. Mwawotcha mafuta anu kukanditenga kumudzi kuti ndidzaone mkazi wanga. Chiuta akudalitseni. Koma pobwerera musandidikire, ndigona kwa mlongo wangayu."

A kabaza anaseka osabisa. Evance anakwera lole yake n'kumenyetsa chitseko, ndipo pokhota anatsala pang'ono kugunda mpanda wa tchalitchi. Anapita ndi fumbi lake.

"NyaShaba."

"Adada." Linily anagwada pafupi nawo.

"Wa nyali wakoyu auze anthu ake abwere Loweruka lija. Ndanena pamaso pa anthu, ndipo ndanena pamaso pa amama ako." Kenako anayang'ana Kizito. "Chithunzichi unachitenga kuti?"

"Kwa amalume anga, bambo. Omwe akubwerawo. Anakhalako kuno kale."

"Munthu amene wasunga nkhope ya mkazi wanga zaka zonsezi, ine mwini nditalephera, ameneyo ndi m'bale wanga. Ndidzamuphera mbuzi. Taonetsa gulu lonse, ndione anzanga ena."

Kizito anadina, nkhope ija inachepa, ndipo kwaya yonse inayala pakhomapo, mizere iwiri, akazi kutsogolo amuna kumbuyo. A Zondwayo anayamba kuloza ndi chibonga, akutchula amoyo ndi akufa, akuseka mathalauza a masiku amenewo. Munthu mmodzi yekha, woima kumapeto kwenikweni, ndi amene sankaoneka. Thupi lake linali panjerwa, tayi ili pachifuwa, koma mutu unagwera pazenera, galasi n'kuumeza.

*

Linily anapezerapo mpata abambo ake ali kalikiliki ndi anzawo akale. Anapita pa tebulo la laputopu, ndipo kwa nthawi yoyamba chiikireni lamulo lija anaima pafupi ndi Kizito anthu akuona.

"Ndakhululukidwa?" anafunsa Kizito.

"Iwe ndi amene wandionetsa amama. Ndingakukwiyirenso bwanji?" Anapukuta m'maso. "Koma ukadzandisowanso, uzingondiimbira foni. Makoma uwasiye."

"Ndamva, aphunzitsi."

"Ndimaganiza kuti wapeza wina wa ku Dedza."

"Wa ku Dedza wokhala ndi kampata ngati ako? Ndinafufuza, kulibe."

Anaseka onse awiri, kuseka kwa anthu amene apulumuka pa ngozi. Linily anamva njala kwa nthawi yoyamba tsiku limenelo. Anayamba kuganiza za Loweruka, za mbale zoti akabwereke, za chitenje choti adzavale.

A Ellen anafika ndi shawelo n'kumufunditsa paphewa. "Kwazizira, tiyeni tizipita. Abambo ako akapanda kukokedwa agona pompano." Kenako analoza kukhoma. "Nanga uyo mwamudula mutu walakwa chiyani?"

"Zenera lamudya, mayi," anatero Kizito akuseka. "Ndiyo ntchito yatsala. Chithunzi chimayenera kulinganizidwa ndi khoma, kuti nkhope iliyonse igwere panjerwa, osati pazenera kapena pachitseko. Mawa ndichisuntha pang'ono. Lamlungu aliyense adzaoneka bwinobwino, makamaka ameneyo. Ndi amalume angatu, akhoza kundilanda ufulu atamva kuti ndinawadula mutu. Taonani apa, pa laputopu akuoneka."

A Ellen anawerama akumwetulira. Kumwetulirako kunazima pang'onopang'ono. Anayandikiza nkhope, anaitalikitsa, monga anachitira ndi foni m'mawa uja. Pa laputopupo panali mnyamata wamtali, wa tayi yopyapyala, dzanja lili m'thumba, akumwetulira ngati mwini dziko.

"Amalume ako dzina lawo ndani?" Mawu awo anali ouma.

"A Wallace. A Wallace Chitsamba. Mukuwadziwa?"

A Ellen anaweramuka. Anagwira mkono wa Linily n'kumukokera kuseri kwa nsanja, zala zawo zikuzizira ngati madzi a m'mawa.

"Ankhazi, mukundipweteka. Nchichi?"

"Ndi munthu uja."

"Munthu uti?"

"Munthu uja, mwana iwe! Amene anandisiya mowa utafulidwa. Abambo ako analumbira pamanda a agogo ako kuti akadzapondanso pakhomo pathu, mmodzi wa iwo adzatuluka atanyamulidwa."

Linily anatembenuka. Kizito anali akupinda waya, akuimba kamluzu, osadziwa kanthu. Pakhoma, amayi ake ankamwetulirabe pakati pa anzawo, ndipo kumapeto kwa mzere kunali tayi yopanda mutu, imene Lamlungu idzakhale ndi nkhope pamaso pa mpingo wonse.

A Zondwayo anabwera akuseka, chibonga chili paphewa, n'kumenya Kizito pamsana.

"Mkweni, mkamwini wanga! Uwauze amalume ako asachedwe panjira. Mbuzi yawo ndikukaimanga mawa, ndipo ndidzawalandira ndekha, ndi manja angawa."